Dimba ndi Mapiritsi: Mau a kwa Alimi pa za Nthenda ya Shuga

Lero sindinena za kunenepetsa ng'ombe ai, koma za kunenepa kwa ife eni ake. Kale tinali kuti mwini mimba yaikulu ndiye wolemera. Tsopano ambiri otere ali pa mzere ku cipatala ndi nthenda ya shuga.

Mankhwala alipo, ndipo ngabwino. Mapiritsi a metformin sakwera mtengo, koma afunika kumwa tsiku ndi tsiku, ndipo pokawatenga mulipira basi ndi kusiya khasu. Insulin, imene inapezeka ku Toronto m'caka ca 1921, njobaya ndi jekeseni, ifunanso malo ozizira.

M'caka ca 2002 madokotala a ku America analengeza zimene anapeza pa anthu onenepa amene nthendayi inali pafupi kuwagwira. Mwa omwa metformin, ogwidwa anacepa ndi 31 pa 100 aliyense. Mwa ocepetsa cakudya ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, anacepa ndi 58.

Njira yaciwiriyi sifuna ndalama zambiri. Mitanda iwiri ya nsima m'malo mwa inai, makamaka ya mgaiwa. Mnkhwani, bonongwe ndi nyemba za m'dimba mwanu zidzaze mbale. Cobvuta ndi shuga wa m'tiyi ndi m'thobwa. Ndidziwa, mlendo adzati mwam'mana. Muuzeni cifukwa cace.

Koma amene anapatsidwa kale mankhwala asawaleke yekha, pakuti shuga wolekereredwa acititsa khungu, naononga impso ndi mapazi. Apite akapimitse magazi, ndipo a dokotala ndiwo anene ngati mapiritsi angacepetsedwe.