Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka: Njala ndi Nkhokwe ya Bungwe

Ine ndine kalaliki chabe, khasu ndimaligwira pa Loweruka pokha. Chotero ndikaphonya mundikonze monga mwana wanu. Nkhani yanga ndi ya njala, makamaka ya mwezi umene njalayo imayambira, pakuti ndiganiza kuti ambiri a ife sitiuzindikira mweziwo.

Ndiyambe ndi chaka cha 1949, chimene boma lathu lino la Blantyre silidzachiiwala. Mvula inagwa kumapeto kwa 1948, anthu nabzala mokondwa, koma inaleka chimanga chikali chaching'ono, ndipo dzuwa linachiotcha m'munda. Agogo anga akazi anali mtsikana ku Lunzu masiku amenewo, ndipo ankatisimbira kuti anthu anakumba mipama m'thengo ndi kusinja zitsa za nthochi kuti apeze kaufa. Boma la Bwanamkubwa Colby linaitanitsa chimanga kunja, nilitsegula misasa yodyetserako ofooka pamene zinthu zinafika poipa. Mai wina wophunzira, Megan Vaughan, anafunsa akulu a kuno, nalemba buku la njala imeneyi mu 1987. Chimene anapeza chiyenera kutichititsa manyazi ife a m'maofesi. Njala siinagwire anthu mofanana. Amene anali pa nchito yolembedwa anali ndi njira yopezera chakudya, koma amene anavutika koposa anali nkhalamba, ana, ndi amai amene amuna ao anachoka pa chikamwini, nati akukafuna chakudya kwao, ena osabweranso. Tsono tikakhala muno ndi malipiro athu a pamwezi, tikumbukire kuti tiri mbali ya amene anapulumuka.

Njala ya 2002 ndinaiona ndi maso anga ndiri mwana wa sukulu. Chimanga chimene chinasungidwa m'nkhokwe za Boma chinali chitagulitsidwa mu 2000 ndi 2001, ndipo pamene zokolola zinachepa, panalibe chogwira. Ndikumbukira amai atakhala pamzere ku chigayo kudikira gaga, chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Kuchokera apo taona chilala cha 2005, namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndi dzuwa la 2024, pamene Pulezidenti Chakwera analengeza tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Feteleza wotsika mtengo, amene anayamba mu 2005, anathandiza ndithu m'zaka za mvula yabwino; komatu feteleza sagwetsa mvula.

Tsopano ndifike pa mwezi uja. Tonse timati njala ndi ya Januwale ndi Febuluwale. Ine nditi imayamba mu Meyi, pamene nkhokwe ziri zodzaza ndipo palibe woiganizira. M'mwezi umenewo mlimi ali ndi chimanga koma alibe ndalama. Fizi ya mwana ikufunika, ngongole ya feteleza ikufunika, sopo ndi mchere zatha. Ogula afika ndi masikelo ao mpaka pa bwalo la mudzi, ndipo popeza aliyense akugulitsa nthawi imodzi, mtengo uli pansi. Ikafika Januwale, mlimi yemweyo apita kumsika kukagula chimanga chomwecho pa mtengo woposa kutali umene anagulitsira, tsopano pogula kambalekambale. Ndalama alibe, chotero apita kukagwira ganyu m'munda wa mnzache wopeza bwino. Taonani tsono chimene chichitika: masiku amene akupalira munda wa mwini ndi masiku omwewo amene munda wache ufuna kupalira ndi kubandira. Udzu udya chimanga chache. Chikangokhwima pang'ono, banja liyamba kuthyola ndi kusinja chitibu, ndipo pofika nthawi yokolola theka lapita kale m'mimba. Njala ya chaka chino yabala ya chaka chamawa, ngakhale mvula igwe bwino chotani.

Ndiulule pano kuti ine ndemwe ndagulapo chimanga chotsika mtengo cha Meyi kwa abale anga a kumudzi, ndikumadzitama kuti ndine wochenjera. Ndikhulupirira kuti sindiri ndekha m'chipinda chino.

Chimene ndipempha Bungwe ndi ichi. Membala aliyense wolandira malipiro apereke thumba limodzi la makilogalamu 50, kapena mtengo wache, pasanathe mwezi wa Juni. Chimangacho tichigule kwa alimi a m'midzi yathu pa sikelo yoona, tichisunge pamalo amodzi, ndipo mu Januwale tichibwereketse kwa mabanja osowa, kuti abweze pokolola ndi kachigoba kamodzi pamwamba kolipirira matumba. Cholinga ndi chakuti munthu adye ali m'munda mwache m'masabata a kupalira, asathamangire ganyu.

Ndidziwa kuti ena afunsa za nankafumbwe, ndipo afunsa bwino, pakuti nkhokwe zambiri zasanduka fumbi lokhalokha. Alipo matumba ochedwa PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi chiguduli kunja. Chimanga chikauma bwino, nichimangidwa molimba, mpweya umatha m'katimo ndipo tizilombo timafa popanda mankhwala. Mdani wache ndi khoswe ndi dzanja lotsegulatsegula. Za khoswe tidzaika matumba pa thandala. Za dzanja, ndipempha kuti makiyi akhale awiri, imodzi kwa Msungichuma, inayo kwa mai amene amai anzache adzamsankha. Ndinena dala za amai, chifukwa iwo ndiwo adziwa nyumba imene sikufuka utsi madzulo, ndipo mbiri ya 1949 yationetsa amene amaiwalika pogawa.

Kanthu kena, Bambo Wapampando. Itatha njala ija, Boma la atsamunda linaumiriza anthu kubzala chinangwa ndi kulima mizere, osamvera nalipitsidwa. Uphunguwo sunali woipa, pakuti chinangwa chimapirira dzuwa ndipo chimadikira m'nthaka kufikira tsiku losowa. Koma chifukwa unadza ndi chindapusa, anthu anadana nao, ndipo malimidwe anakhala chimodzi cha zifukwa zodandaulira Boma lija. Ife tisabwereze cholakwacho. Wobwereka chimanga timpatse mitengo ya chinangwa kapena kholowa wa mbatata ngati afuna, koma tisampangire lamulo. Akaona mnansi wache akufukula mbatata mu Epulo, adzapempha yekha.

Mafumu athu tiwapempha chinthu chimodzi chokha: atithandize kupeza nyumba yosadontha pafupi ndi mseu, ndi kukhala mboni pa tsiku lobwereketsa, kuti pasakhale kunong'ona kwakuti wakuti anakondera mbale wache. Buku la maina ndidzalisunga ine popanda malipiro, ndipo lidzawerengedwa poyera pa msonkhano uliwonse wa miyezi itatu. Ndabwera nalo lero, liri pa tebulo la Mlembi, ndipo dzina langa ndalemba kale pa matumba awiri, limodzi la chaka chino, linalo lobwezera chimanga cha Meyi chija.