Mlendo amaima pomwe foni yamuuza kuti aime

 Ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndikambe za ma app amene alendo odzaona malo amakhala nawo m'mafoni mwawo. Mwina wina akuti, nanga ife zikutikhudza chani, poti sitinakwereko ndege? Zikutikhudza, chifukwa magalimoto a alendowa amadutsa pakhomo pathu penipeni. Amatsika Khwekhwerere kuchokera pa Masasa, kufika pa Golomoti, ena nkulowera ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, ena ku Liwonde kukaona njovu ndi mikango. Ochepa okha ndi amene amakhotera ku Mua. Ndipo amene amasankha kuti galimoto iime pati si dalaivala ayi, ndi foni.

Ndiyambe ndi mapu, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Mlendo wochenjera asananyamuke ku Lilongwe amasungiratu mapu a dera lonse mu Google Maps, kapena amaika Organic Maps kapena Maps.me, kuti netiweki ikathawa m'mapirimu aziyendabe. Kadontho kosonyeza pomwe ali sikadalira bandulo, kamadalira ma satellite. Tsono Organic Maps ndi Maps.me amatenga mapu awo ku OpenStreetMap, ndipo mapu amenewo amalembedwa ndi anthu wamba ongodzipereka. Aliyense angathe kutsegula akaunti nkuwonjezerapo mjigo, golosale, pomatira matayala, kaya pogulitsira ziboliboli. Ngakhale pa Google Maps pali poti udine nkuwonjezera malo amene palibe, osalipira kalikonse.

Tatsegulani mafoni anu muone. Kungoni Centre muipeza, ndipo nzosadabwitsa: Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, Bambo Claude Boucher anatsegula Kungoni mu 1976, ndipo Chamare Museum yokhala ndi zigoba za gule wamkulu imadziwika mpaka kunja. Koma fufuzani amalume aja osema mitondo m'mbali mwa msewu, kapena amayi oluka mphasa ndi madengu. Ambiri mulibemo. Kwa mlendo amene maso ali pafoni, chimene palibe pa mapu ndiye kuti kulibe. Amangodutsa pa liwiro, ife nkutsala tikuti azungu ndi oumira.

Palinso ina yotchedwa iOverlander. Imeneyi ndi ya aja oyenda pa magalimoto akuluakulu okhala ndi matenti padenga. Amalemberana okhaokha pomwe anagona, pomwe anapeza madzi, pomwe anathira mafuta, ndi momwe anthu anawalandirira. Apa tisamale anzanga. Mmodzi akalemba kuti pamalo pakutipakuti anyamata amavutitsa kupempha ndalama, mawuwo amakhala pomwepo, ndipo obwera m'mbuyo onse amawerenga.

Ine imene imandisangalatsa kwambiri ndi Merlin Bird ID, yopangidwa ndi Cornell Lab of Ornithology ku America, ndipo ndi yaulere. Umasungiratu mbalame za dera limene ukupita, kenako ukajambula mbalame imakuuza dzina lake, nkukumvetsanso kulira kwake. Inzake ndi iNaturalist, imene imathandiza kuzindikira mitengo, agulugufe, njoka ndi zina. Alendo okonda mbalame ndi anthu opirira modabwitsa, angathe kuima ola lathunthu pansi pa mtengo umodzi. Koma Merlin imangotchula dzina la mbalameyo. Siidziwa mtengo umene nkhwazi imakonda kutera m'mawa, siidziwa kanjira kotsikira ku Nadzipokwe, ndipo siingafotokoze zomwe agogo athu amanena akamva nang'omba ikulira. Ife amene tinakula ndi legeni m'khosi timazidziwa. Chotisowa ndi maina a Chingereziwo basi, ndipo app yomweyo ingatiphunzitse. Ukadziwa mbali zonse ziwiri, ndiwe woperekeza alendo kale, ngakhale MSCE yako ili m'chikwama kudikira ntchito.

Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014. Pa moni ndi kufunsa mtengo imayesetsa, koma mukaiponyera mwambi imatuluka ndi zinthu zoseketsa. Za ndalama sindichedwapo: mlendo amaona mtengo wa kwacha pa XE, ndiye musaganize kuti sadziwa kuwerengera. Akagula simu ya Airtel kapena TNM nkuilembetsa ndi pasipoti, angathe kukulipirani pa Airtel Money kapena Mpamba. WhatsApp ndiye aliyense ali nayo, ndipo nambala yanu ikakhala pa mapu, ndi mmene angakupezereni asanafike.

Pali zinthu ziwiri zimene foni siimuuza mlendo, zoti ife tizimuuza. Choyamba ndi msewu nthawi ya dzinja. Mapu amaonetsa M5 ili bwinobwino ngakhale mtsinje utasefukira usiku womwewo, ndipo nthawi zina amamulowetsa munthu njira yachidule ya dothi imene ngakhale wa kabaza amaiopa. Chachiwiri ndi kujambula. Chithunzi cha pafoni chimatha kusunga malo enieni pomwe chinajambulidwa. Ku Liwonde, kumene African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira 2015, anabweretsako zipembere 17 kuchokera ku South Africa mu 2019. Munthu akajambula chipembere nkuponya pa intaneti ndi malo ake, wawalozera njira opha nyama mozemba. Kuno kwathu nkhani yake ndi ya gule. Zimene akuona ku Chamare ndi zololedwa kuona, koma akakumana ndi chilombo pamsewu asangosolola foni. Ayambe wafunsa eni mudzi. Palibe app imene imaphunzitsa zimenezo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Loweruka likubwerali tikumane pano 8 koloko m'mawa, aliyense amene ali ndi foni yamakono abwere itadzadza moto. Tigawana magulu atatu, la Mua, la Golomoti ndi la Mtakataka. Tizifunsa kaye mwini malo ngati akufuna kuikidwa pa mapu, akavomera tijambule chithunzi chooneka bwino, tilembe dzina, zomwe amagulitsa ndi nthawi yomwe amatsegula. Za bandulo ndapempha kale a msungichuma kuti aone ngati thumba la kalabu lingatithandize, ayankha okha ndikakhala pansi. Amene alibe foni asatsale, chifukwa ndi iwo amene akudziwa kuti wosema wabwino amakhala kuseri kwa nyumba iti.