Iwo Amene Anaima Pabwalo Tsiku Lonse

Mau olalikidwa pa Nsipe, pa Mateyu 20:1-16

M'fanizo ili timva za mwini munda amene anaturuka kasanu kukafuna anchito. Ambiri tikaliwerenga tithamangira mlandu wa malipiro. Koma lero tiyang'ane iwo amene anawapeza dzuwa litapendeka. Anthuwa sanagone m'nyumba. Anaima pabwalo tsiku lonse, ndipo pofunsidwa anayankha kuti panalibe wowalemba. Mwini munda sanawatonza, koma anawatumiza kumunda kwache.

Otere tiri nao pakati pathu. Amuna ambiri a dziko lino la Ntcheu ananka ndi Wenela ku migodi ya ku Joni. M'chaka cha 1974 ndege inagwa ku Francistown, nipha anthu athu 74 obwerera kwao, ndipo boma linaletsa ulendowo. Unatsegukanso ndi TEBA, nutha m'chaka cha 1988. Khomo lija linatsekeka, ndipo kumudzi silinatseguke lina lolingana nalo. Chifukwa chache muona mwamuna wamphamvu ali khale pamseu wonka ku Balaka chaka ndi chaka, alikudikira ganyu wa dzinja. Inu mumutcha lova. Kodi munamfunsa ngati anakanapo nchito?

Tsono ndinene ndi inu akulu amene mpingo unakupatsani thumba la chifundo kuti muthandize otere. Munthu wokhala zaka wopanda nchito wataya zambiri koposa ndalama. Chizolowezi cha kulawira chamthawa, zobvala zatha kotero achita manyazi kuima pamaso pa wolemba anthu, ndipo mmisiri akafuna womthandiza, dzina lache silikumbukika. Dengu la chimanga lidzamdyetsa, inde, ndipo musammane. Koma dzina lija silibwera ndi chimanga. Libwera ndi mapazi anu. Pitani naye kwa mmisiri wa matabwa, kwa woumba njerwa, kwa telala pa boma, mukamuimire mboni ndi pakamwa panu. Akalowa nchito musamtaye, pakuti mwezi woyamba ndiwo wolemera. Akajomba tsiku limodzi, mukamdzutse asanachotsedwe.

Chiyeso chanu chachikuru ndi chibale. Sowo ikakhala imodzi ndi ofuna asanu, mtima udzakunong'onezani za mwana wa mlongo wanu. Lembani m'buku chipangizo chiri chonse ndi dzina la wobwereka, ndipo bukulo liwerengedwe pamaso pa mpingo. Wotsogolera wokana kuti buku liwerengedwe atule pansi thumba.

Ichi si chachilendo kuno. Joseph Booth anayamba Zambezi Industrial Mission m'chaka cha 1892, ndipo pa Ntonda, pa Chiole ndi pa Dombole Mau analalikidwa pamodzi ndi nchito ya manja. Kuyambira 1999 boma liri ndi TEVETA yoyang'anira maphunziro a umisiri. Funsani njira yache, kuti wophunzira atenge kalata imene adzaimva ngakhale ku Blantyre.

Ndipo inu aphunzitsi a m'midzi, alipo amuna amene akanidwa chifukwa sadziwa kuwerenga tepi yoyesera, kapena kulemba dzina lao. Sadzakhala pa benchi limodzi ndi ana ao. Apatseni ora lamadzulo ana ataweruka, ndipo mubwere nao maina ao kwa akulu Sabata likudzali.