ZA KU WESTMINSTER: SIKELO IFUNA WOIYANG'ANIRA



Ine ndachita malonda pamsika zaka zambiri. Ndikudziwa kuti sikelo ikasowa woiyang'anira, mwini wake amaikhotetsa. Chisankhonso n'chimodzimodzi.

Tamvani za ku Westminster, khonsolo ya pakati pa mzinda wa London. Pa chisankho cha makhansala cha 1986, chipani cha Conservative chidapeza mipando 32, cha Labour 27, woima payekha mmodzi. Mtsogoleri wa khonsoloyo, Mayi Shirley Porter, adaona kuti mpando wayamba kugwedera. Ndiye adatani? Adasankha mawodi 8 momwe zipani ziwirizi zimapanikizana. Nyumba za khonsolo za m'mawodi amenewo zikatsala zopanda munthu, m'malo mopatsa osowa pokhala, amazigulitsa, poganiza kuti ogulawo adzavotera Conservative. Osauka ena adawasamutsira kutali.

Mu 1990 Conservative idapeza mipando 45, Labour 15 yokha. Msonkho wotsika udathandizaponso, koma za nyumba zija zidali zitanunkha kale.

Taonani apa! Makhansala otsutsa adalipo, ndipo sadakhale chete. Iwo pamodzi ndi nzika zina adakadandaula kwa wofufuza za chuma cha khonsolo, Bambo John Magill. Mu 1996 iye adagamula kuti zimenezi zidali zophwanya malamulo. Oweruza a House of Lords adagwirizana naye mu 2001, ndipo mu 2004 Mayi Porter adavomera kulipira mapaundi 12.3 miliyoni.

Tsono ndikufunseni: m'khonsolomo mukadakhala chipani chimodzi chokha, akadaulula ndani? Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Kavoteni, abale anga. Mukavota musakagone ayi. Muziyang'anira sikelo!