Chimera, Mafuta a pa Chiwaya ndi Dizilo

(Mau amene mnzathu wina anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka)

Ambiri a inu mukukumbukira mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012. Ine ndinagonapo pa mzere usiku wathunthu, ndipo ndinadzifunsa ngati dziko lolima mtedza, soya ndi mpendadzuwa silingafinye ena mwa mafuta ake m'munda. Ndi nkhani imeneyi ndabwera nayo lero.

Maganizowa si achilendo. Mu 1900, pa chionetsero cha ku Paris, injini ya mtundu umene anaupanga Rudolf Diesel inayenda ndi mafuta a mtedza. Vuto lake ndi lakuti mafuta a mbewu ndi okhathamira kwambiri kuposa dizilo, kakhumi kapena kupitirira, motero amatseka tinjira ta m'injini. Kanthu kakang'ono kalikonse ka mafutawa kali ngati chogwirira chokhala ndi michira itatu. Chogwiriracho ndi giliserini, yemwe uja timadzola nthawi yozizira. Tikaidula michirayo ndi kuilumikiza ku methanol, timapeza mafuta opepuka otchedwa biodiesel. Pa makilogalamu 100 a biodiesel pamatsala giliserini wokwana makilogalamu pafupifupi 10. Katswiri wa ku Belgium, G. Chavanne, analembetsa njira yotereyi mu 1937 pogwiritsa ntchito mafuta a kanjedza.

Mafakitale ambiri amadula michirayi ndi caustic soda, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 60, ndipo ntchito imatha mu ola limodzi lokha. Koma amayi amene amaphika sopo pakhomo akudziwa chimene soda amachita akakumana ndi mafuta. Ngati mafutawo ndi okazingira kale kapena ali ndi madzi, m'malo mwa dizilo mumatuluka sopo. Choncho njirayi imafuna mafuta abwino, omwe aja akanapita mu ndiwo za ana athu.

Apa ndi pamene pakulowa chimera. Agogo athu pophika thobwa amathira chimera m'phala lolimba, ndipo posakhalitsa phalalo limasungunuka ndi kutsekemera. M'chimeramo muli enzaimu, chinthu chopangidwa ndi zamoyo chimene chimafulumizitsa kusintha kwa zinthu koma icho osatha. Enzaimu ya m'chimera imaphwanya ufa; imene imaphwanya mafuta dzina lake ndi lipase, ndipo nafenso tili nayo m'matumbo mwathu. Ya m'mafakitale amaitenga ku tizilombo ta yisiti ndi nkhungu, monga yisiti wotchedwa Candida antarctica amene anapezeka m'nyanja ina ya ku Antarctica.

Lipase sapanga sopo. Amagwira ntchito pa kutentha kwa madigiri 30 mpaka 40, amalandira mafuta otsala pa chiwaya cha tchipisi, ndipo giliserini wake amatuluka woyera bwino. Komabe ndisakunamizeni kuti zonse ndi zosalala. Enzaimu ndi yodula, ndiponso ndi yochedwa: ntchito ya ola limodzi imatha kutenga tsiku. Chinanso, methanol akachuluka amaifoola. Mu 1999 akatswiri a ku Japan anaonetsa kuti mankhwala ake ndi kuthira methanol pang'onopang'ono, magawo atatu, monga momwe mayi amathirira ufa mu mphika. Ena amaimatiriza enzaimu pa timikanda kuti aisefe ndi kuigwiritsanso ntchito. Mu 2014 kampani ya ku Denmark, Novozymes, inatulutsa lipase wamadzimadzi wotchedwa Eversa, wopangira biodiesel.

Kodi ife zikutikhudza bwanji? Kuno kwathu tinayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wa ku Dwangwa mu 1982, pamene maiko ambiri anali asanaganize n'komwe. Sitili obwera m'mbuyo. Koma dizilo aliyense amene amayendetsa chigayo, thirakitala ndi lole timamugula kunja ndi ndalama zosowa zija. Mafuta otsala pa ziwaya sangadzaze matanki a dziko lonse, koma angathe kuyendetsa chigayo cha pa sukulu, ndipo tikawachotsa pa chiwaya tapulumutsanso anthu ku mafuta okuda obwerezedwa mlungu wathunthu.

Chosowa ndi ana amene anagwirapo botolo la mu labotale ndi manja awo. M'mawa uno ndinasuzumira m'chipinda chimene tinkaphunziriramo sayansi, ndipo ndapeza mashelefu ali mbee. Ife tinaphunzira za enzaimu poyesa malovu athu ndi ayodini. Ana a lero akuziloweza pa bolodi. Pempho langa, Bambo Wapampando, ndi lakuti zopereka zathu za chaka chino ziyambire m'chipinda chimenecho. Ine ndalemba kale dzina langa kwa Msungichuma.