Chuma cha Masiye: Mau kwa Mafumu ndi Alimi a ku Mangochi

Lero ndifuna kukamba nanu za chinthu chimene chimadanitsa anthu pa maliro, ndicho chuma cha masiye.

Tiyambe ndi fanizo. Tinene kuti munthu wina wa kunyanja wamwalira. Wasiya bwato la injini, chilimira chimodzi, nyumba ya malata imene anamanga ndi ndalama za ku Joni, mkazi ndi ana anai. Anthu asanabalalike pa siwa, abale ake a mwamunayo aimirira, ati, "Bwatoli ndi la mbale wathu. Anawa ndi a kuchikazi, akawalere atsibweni ao." Inu mfumu muli pomwepo, ndipo maso onse ali pa inu. Kodi mudzanena chiani?

Kwa ife a chikamwini, Ayao ndi Anyanja omwe, mwana ali wa mbumba ya amai ake, ndipo wolowa m'malo mwa munthu anali mng'ono wake kapena mwana wa mlongo wake. Mwambo umenewu sunali wopusa ai. Masiku amenewo chuma chinali munda ndi nkhokwe, ndipo izi zinali kutsala kwao kwa mkazi. Abale a mwamuna anali kutenga khasu, nkhwangwa ndi mkondo. Koma lero mkamwini amasiya injini, chigayo kapena ndalama ku banki, zinthu zimene anazipeza pamodzi ndi mkazi wake. Mkaziyo ndiye anali kuyanika usipa pa thandala, ndiye anasunga ana ndi munda zaka zonse zimene bambo anali ku Joni.

Lamulo lakale la 1967 linayesa kukondweretsa mbali zonse. M'maiko a chikamwini, mwamuna akafa osalemba kalata ya chuma, chuma chake chinali kugawidwa pasanu: magawo awiri kwa mkazi, ana ndi ena omdalira, magawo atatu kwa olowa monga mwa mwambo. Ena a inu mukali kuweruza ndi lamulo limenelo. Dziwani kuti linafafanizidwa.

M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano la chuma cha masiye. Tsopano oyamba kulandira ndiwo mkazi kapena mwamuna wotsala, ndi ana onse a womwalirayo, a m'nyumba ndi obadwira kunja omwe. Pamodzi ndi iwo pali makolo ake ngati iye ndiye anali kuwadyetsa, ndi mwana wamng'ono ali yense amene iye anali kumlipirira sukulu. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Pogawira ana, wamng'ono ayenera kulandira zochulukirapo kuposa wamkulu, chifukwa ulendo wake ukali wautali. Achimwene, alongo ndi ana a alongo amalandira pokhapokha ngati anthu ndatchulawa palibe. Ndipo munthu wolanda chuma cha masiye chimene sichiri chake wapalamula mlandu, angathe kulipitsidwa ndi kumangidwa kufikira zaka 10. Tsono m'fanizo lathu lija, bwato ndi chilimira ndi za mai uja ndi ana ake anai.

Ndidziwa kuti wina adzati, "Koma mkaziyu sanakwatiwe ku Boma." Apa mpamene lamulo lina, la ukwati ndi mabanja la 2015, litithandiza. Lamuloli lizindikira maukwati a mitundu inai: wa ku Boma, wa ankhoswe monga mwa mwambo, wa chipembedzo, kaya ndi ku mzikiti kaya ku tchalitchi, ndi wa anthu amene angokhala pamodzi monga banja. Wotsirizawu ndi bwalo la milandu lokha lingaubvomereze, ndipo anthuwo akhale atakhala pamodzi zaka zosachepera 5. Maukwati onsewa ali ndi mphamvu imodzi pamaso pa lamulo. Mkazi amene ukwati wake anamanga shehe, kapena amene ankhoswe anamuunikira, ali mkazi ndithu. Mitala lamulo liikana kwa iwo okha a ukwati wa ku Boma. Kotero mwamuna wa mitala akafa, mkazi ali yense ndi ana ake ali ndi gawo lao.

Komabe ndikupemphani, lembetsani maukwati anu. Lamulo lomweli linapatsa mafumu akulu, a T/A, ndi atsogoleri a chipembedzo mphamvu yolemba maukwati. Ankhoswe amafa, ena amasamuka, ena amaiwala dala tsiku la mlandu, kalata siiwala.

Pali ukwati umodzi umene simungaulembetse konse: wa mwana wosakwana zaka 18. Kale malamulo akulu a dziko anali kulola wa zaka 15 kukwatiwa makolo akabvomera, koma mpata umenewo unatsekedwa mu February 2017. Mwana kuchokera ku nsondo kapena ku jando sindiko kuti wakula pamaso pa lamulo. Kudera la anansi athu a ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, naimitsa pa ufumu anyakwawa amene anawalola. Nkhani imeneyi ifuna tsiku lakelake.

Tibwerere ku maliro. Nchito yanu, mafumu, siiri yogawa chuma tsiku la kuika. Nchito yanu ndi kuchisunga. Itanani mbali zonse ziwiri, mulembe zonse zimene womwalirayo wasiya: bwato, injini, maukonde, mbuzi, njinga, ngongole zake ndi za anthu amene anamkongola. Pepala limodzi likhale ndi wamasiye, lina ndi inu. Musalole kuti kanthu kachoke pakhomo. Pakabuka mkangano, kapena ngati pali ndalama ku banki kapena ku nchito, atumizeni kwa DC kapena ku bwalo la majisitireti. Wosauka amene alibe ndalama ya loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Ndipo inu abambo amene mufuna kuti mwana wa mlongo wanu adzalandireko kanthu, njira iripo. Lembani kalata ya chuma muli moyo, muisaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Sankhani mboni zimene sizidzalandira kanthu m'kalatamo. Koma musaiwalemo mkazi ndi ana, pakuti mukawasiya padera bwalo lingathe kuwapatsabe gawo lowakwanira. Kalatayo muisunge kwa munthu wokhulupirika, ndipo amai a kunyumba adziwe kumene iri.