Fomu Yathu ya pa Webusaiti: Chifukwa Chake Mabokosi Ena Sakuonekanso

Mawu amene mlembi wa kaundula wa bungwe lathu analankhula pa msonkhano wa pachaka



Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti kodi fomu ya pa webusaiti yathu yafupika bwanji. Mmodzi anachita kundiimbira foni usiku, ati mwina komiti ikubisa kanthu. Ndaima pano kuti ndiyankhe funso limenelo, pakuti amene anapempha kuti fomuyo ifupike ndine.

Ife ogwira ntchito m'boma timadziwa fomu ya pepala. Pamwamba munthu amalemba dzina lake, mudzi, mfumu ndi boma lakwawo. Pansi pamakhala mzere, ndipo kunsi kwa mzerewo amalembako ndi a mu ofesi okha. Munthu akalembako yekha, kalaliki amaona msanga chifukwa zala zimasiyana. Pa kompyuta zala za anthu onse n'zofanana.

Webusaiti yathu inamangidwa pa WordPress, pulogalamu imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayamba mu 2003. Payokha, WordPress imapatsa tsamba mutu ndi nkhani. Koma kaundula wa bungwe amafuna zambiri: chaka chimene munthu analemba mayeso a Fomu 4, hositelo imene ankagona, kumene akukhala, nambala ya foni, ndiponso ngati wapereka ndalama za umembala. Mabokosi owonjezerawa tinawaika ndi pulogalamu ina yotchedwa Advanced Custom Fields, imene anayamba ndi Elliot Condon wa ku Australia. Pulogalamuyi ili ndi lamulo lotchedwa acf_form, limene limatulutsa fomu pa tsamba loonekera kwa anthu, kotero kuti membala amakonza zake popanda kulowa kuseri kumene amagwirako ntchito oyang'anira webusaiti.

Kulakwa kwathu kunali apa. Lamuloli mukapanda kuliuza mabokosi amene mukufuna, limatulutsa onse a tsambalo. Ife sitinaliuze. Choncho bokosi la msungichuma linali poyera, pafupi ndi bokosi la nambala ya foni. Mnzathu wina, amene sindimutchula, anakonza nambala yake, n'kudinanso pamene palembedwa kuti "wapereka". Ndikukhulupirira kuti sanachite dala. Anangoona bokosi lopanda kanthu nalidzaza, monga anatiphunzitsira kuti pa mayeso usasiye funso. Koma buku la msungichuma ndi webusaiti zinayamba kutsutsana, ndipo amayi athu osunga chuma, amene amagwira ntchitoyi mwaulere, anayamba kukayikiridwa. Zimenezi zinandiwawa kuposa ndalamazo.

Kukonza kwake sikunali kovuta. Lamulo la acf_form limalandira mndandanda wotchedwa fields, ndipo mumalembamo mabokosi okhawo amene mukufuna kuti aoneke. Bokosi lililonse lili ndi dzina komanso chizindikiro chake choyamba ndi field_, ndipo tinagwiritsa ntchito chizindikirocho chifukwa maina amatha kufanana. Tsopano membala amaona foni, keyala, ntchito ndi chithunzi chake. Chaka chomalizira sukulu tinachichotsanso, pakuti sichisintha, ngakhale ndaona kuti ena a ife tingakonde kudzichepetsera zaka.

Panali amene anati bwanji tingobisa mabokosiwo ndi CSS, imene imakongoletsa tsamba. Ndinakana. Bokosi lobisidwa motero limafikabe pa foni ya munthu, langophimbidwa, ndipo mwana wa Fomu 2 wodziwa kompyuta angathe kulivundukula. Chinanso n'chakuti acf_form payokha siifunsa kuti wabwera ndani. Tinawonjezera ndife kuti webusaiti izitsimikiza kaye kuti munthu walowa ndi dzina lake, ndiponso kuti tsamba limene akukonza ndi lakedi. Popanda zimenezi wina akadatha kusintha keyala ya mnzake.

Tisaiwalenso kuti mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act. Kaundula wathu muli manambala a foni ndi makeyala a anthu, ndiye sitingamusunge mwachisawawa ayi.

Tsono pempho langa, Bambo Wapampando, ndi ili. Aliyense alowe pa webusaiti mwezi uno usanathe, aone ngati foni ndi keyala yake zili zolondola. Amene waona kuti chaka chake chalakwika, kapena anapereka ndalama koma sizinalembedwe, abwere ndi lisiti kwa ine kapena kwa amayi osunga chuma. Tikhala pa tebulo la pakhomo paja mpaka nthawi ya nkhomaliro.